Mgwirizanitsi, Msintho ndi Mvekero: Zida Zimene Ophunzira Kulemba Akuzisiya M'chipinda cha Mayeso

Mwana wa Fomu 4 amene wakonzekera bwino mayeso a Chichewa angakuuzeni mosadodoma tanthauzo la mneni, la mlowam'malo, la mperekezi ndi la mlumikizi. Koma mpatseni chiganizo ichi kuti achikonze: "Chiwerengero cha atsikana omwe akusiyira sukulu panjira akuchulukirachulukira." Ambiri adzachiwerenga kawiri n'kunena kuti chili bwinobwino, chikhalirecho chathyoka msana. Mwininkhani ndi "chiwerengero", dzina la gulu la Chi-Zi, ndiye mneni anayenera kuyamba ndi chi-. Wolembayo atadutsa mawu oti "atsikana" anaiwala kumene anachokera, n'kumata a- wa gulu la Mu-A. Dzina la chimene chalakwika mwanayo amalidziwa: mgwirizanitsi, kaphatikizo kamene kamagwirizanitsa mawu ena, monga mneni, ndi dzina. Analiloweza, analilemba pa mayeso, anakhoza. Chimene sanauzidwe n'choti dzinalo ndi lokonzera ziganizo zake zomwe.

Apa ndi pamene ndikuona kuti kaphunzitsidwe kathu kakutaya anthu amene akanakhala alembi abwino. Mayina a malamulo a chiyankhulo ndi a luso la zolembalemba timawaphunzitsa ngati mayankho oti mwana akawabweze kwa a MANEB, ndiponso timawaphunzitsa motsatira mndandanda umene unakonzedwera Chingerezi. Ayenera kuphunzitsidwa pa chimangirizo cha mwanayo, cholembera chofiira chili m'manja mwake, kuyambira pamene Chichewa chimasenzera katundu wake: pa mgwirizanitsi, pa misintho ya mneni (monga gula kukhala gulira) ndi pa mvekero (mawu monga chubwi ndi bii).

Mayinawo paokha alibe mlandu. Kwa nthawi yaitali chiyankhulo chathu chinkafotokozedwa m'Chingerezi. David Clement Scott wa ku mishoni ya Blantyre anatulutsa mtanthauziramawu wa Chimang'anja mu 1892, ndipo mu 1937 Mark Hanna Watkins anasindikiza buku la malamulo a Chichewa ku America, amene ankamuyankha mafunso ake ali Hastings Kamuzu Banda, yemwe pa nthawi ya kafukufukuyo anali wophunzira ku Chicago. Chichewa chitakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968 panabwera Chichewa Board mu 1972, kenako mu 1996 ntchitoyo inapita ku Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba. M'zaka zonsezi aphunzitsi ndi olemba mabuku a sukulu anatikhazikitsira mawu otithandiza kukamba za Chichewa m'Chichewa: tsinde, mphatikiram'mbuyo, mphatikiram'tsogolo, kapandamneni, nthambi ya chiganizo, pamtherankhani. Ziyankhulo zambiri za m'dziko muno zilibe mwayi umenewu. Cholakwika ndi nkhokwe imene tinasungiramo mawuwo, chifukwa inalukidwira mbewu ina.

Taonani za mfotokozi. Timamupatsa malo aakulu chifukwa m'Chingerezi afotokozi ndi ankhaninkhani. M'Chichewa masinde enieni a afotokozi safika ndi pa 10 pomwe: -kulu, -ng'ono, -tali, -fupi, -muna, -kazi, -wisi. Amenewa amatenga agwirizanitsi awiri, n'chifukwa chake timati chingwe chachitali, mitengo italiitali kapena yaitali, nkhuni zaziwisi. Kufotokoza kwina konse timakutenga ku dzina, monga munthu wanzeru, kapena ku mneni, monga nyumba yokongola, pomwe ya- ndi ku- zaphatikizana kukhala yo-. Pali kalamulo kakang'ono pamenepa kamene kamapulumutsa mlembi: mneni wa tsinde la phatikizo limodzi, monga -dya, -ba, -fa, -psa, kawirikawiri salola kuphatikizanako, ndiye timati chakudya, wakuba, wakufa, chakupsa. Wophunzira amene wangoloweza kuti mfotokozi amanena zambiri za dzina sanaphunzire chilichonse mwa zimenezi.

Chimodzimodzi pa, ku ndi mu. Mwana akauzidwa kuti amenewa ndi aperekezi basi, sangamvetse chifukwa chake timati "Pamudzi pano pali njala", "M'nyumba muno muli mdima", "Kumudzi kwabwera alendo". M'ziganizo zitatuzi malo ndiwo akulamula mneni, monga mmene dzina lililonse limachitira, ndipo n'chifukwa chake mabuku omwewo ali ndi gulu la mayina la Ku-Pa-Mu. Kwa mlembi zimenezi n'zamtengo wapatali. "Alendo abwera kumudzi" ndi nkhani ya alendo amene tikuwadziwa kale. "Kumudzi kwabwera alendo" ndi nkhani ya mudzi umene walandira anthu achilendo kwa owerenga. Wolemba nthano amene akufuna kulowetsa mpangankhani watsopano ali ndi khomo lake pomwepa.

Mgwirizanitsi ndiye ulusi umene umasoka ndime yonse, ndipo umaduka m'malo odziwika. Malo oyamba ndi aja taona kale, pamene mwininkhani watalikirana ndi mneni wake. Achiwiri ndi pamene mayina awiri a magulu osiyana alumikizidwa ndi "ndi". Zikakhala zinthu kapena nyama timathawira ku zi-: "Khasu ndi nkhwangwa zatayika." Akakhala anthu timatenga a-. Koma munthu ndi chinthu zikakumana, monga mlenje ndi uta wake, palibe mgwirizanitsi amene amakhala bwino, ndipo mankhwala ake ndi kumanganso chiganizo: "Mlenje anagwera m'dzenje ndi uta wake." Malo achitatu ndi oopsa kwambiri kwa olemba nthano. M'nthawi yakale a- amaimira munthu mmodzi, anthu ambiri, komanso munthu mmodzi wolemekezeka. "Anapita" angakhale mwana, ana, kapena agogo. Ndime ikakhala ndi apangankhani atatu, n'kutsatizana "anati", "anayankha", "anakwiya", wowerenga amasokera pa chiganizo chachitatu. Onjezanipo "yake": "Chisomo anauza Dalitso kuti mbuzi yake yafa." Mbuzi ya yani? Mlembi wodziwa ntchito akaona a- atatu motsatizana amabwezeretsa dzina, kapena amasandutsa mawuwo kukhala oyankhulidwa mwachindunji m'mitengero.

M'kati mwa mneni mulinso kamgwirizanitsi ka pamtherankhani (dzina lolandira ntchito ya mneni), kamene ophunzira amangokadziwa ndi dzina loti mphatikiram'kati. Akatswiri a ziyankhulo Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anaonetsa mu 1987 kuti kanthu kameneka ndi kamene kamamasula mawu kuti ayende m'chiganizo. "Njovu zinathyola mitengo" n'chiganizo chouma. Mitengoyo singachoke pambuyo pa mneni. Mukangoika -i- n'kunena "zinaithyola", mutha kulemba "Mitengo njovu zinaithyola" kapena "Zinaithyola njovu mitengo", ndipo chilichonse chikutsindika pena. Lamulo lothandiza pa kulemba ndi loti chinthu chikamatchulidwa koyamba chisakhale nako kamgwirizanitsiko, chikabweranso chikhale nako: "Nambewe anagula mbuzi. Mbuziyo anaimanga kuseri kwa nkhokwe." Amene amamata -i-, -chi-, -zi- paliponse amapangitsa wowerenga kuganiza kuti pali zina zimene waphonya m'mbuyomo.

Pa misintho ya mneni ndi pamene malamulo a chiyankhulo amasanduka luso lokopa kapena lonamiza anthu, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti timangoiloweza ngati mndandanda. Inde, mwana adziwe kuti tsinde lokhala ndi a, i kapena u limatenga -ir-, -its-, -idw-, -ik-, pomwe lokhala ndi e kapena o limatenga -er-, -ets-, -edw-, -ek-. Ndiko kusiyana kwa gulira ndi lembera, mangidwa ndi gonetsa. Zimenezo n'za mphindi 10. Nthawi yotsalayo ithere pa kusiyana kwa "mbale yaswedwa" ndi "mbale yasweka". Woyambayo ndi wochitidwa poyera: alipo amene waiswa, ngakhale sitinamutchule. Wachiwiriyo mabuku amati wochitidwa m'chibisira, ndipo amafufutiratu wolakwayo. Yesani kuonjeza "mwadala": "inaswedwa mwadala" zikumveka, "inasweka mwadala" sizikumveka. Tsopano mverani zikalata zimene zimawerengedwa pa wailesi zinthu zikalakwika m'maofesi: ndalama zinasokonekera, mankhwala anaonongeka, mlatho unagumuka. Mtolankhani amene amadziwa msintho umenewu amafunsa pompo kuti anasokoneza ndani, anaononga ndani. Wophunzira wa Fomu 3 angathe kuphunzira funso limenelo ndi nyuzipepala imodzi yokha.

Msintho wochitidwa poyera nawo uli ndi matenda ake, obwera ndi omasulira. "Zinanenedwa ndi nduna kuti feteleza adzagawidwa ndi boma" ndi Chingerezi chovala Chichewa. Ife timati "Nduna yati boma ligawa feteleza." Wochitayo akakhala wosadziwika, pakamwa pathu pamatuluka "Amubera njinga", osati "Njinga yake yabedwa ndi anthu osadziwika". Komanso chenjerani ndi msintho wochitira, chifukwa -ir- mmodzi yemweyo amasenza zambiri: kuphikira ana ndi kuwachitira, kuphikira mthiko ndi chida, kuphikira panja ndi malo. "Anamubera chimanga" angatanthauze kuti anaba cha iyeyo kapena anaba kuti akamupatse, ndipo m'nthano ya mlandu wa pabwalo la mfumu kusiyana kumeneko ndiyo nkhani yonse.

Pali china chimene mabuku a sukulu amangochilambalala, ndicho kukwera ndi kutsika kwa liwu. Chichewa chimasiyanitsa mawu ndi liwu, koma kalembedwe kathu sikaonetsa zimenezo. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana. Khungu la pathupi ndi khungu la maso chimodzimodzi. Amenewa savuta, chifukwa nkhani imawamasulira. Ovuta ndi aneni. "Ndimathandiza" akhoza kukhala ntchito ya masiku onse kapena imene inkachitika kale, malinga ndi pamene liwu lakwera. "Anathamangitsa" akhoza kukhala kupirikitsa wina kapena kuthamanga zolimba. Woyankhula sazindikira n'komwe kuti pali vuto, chifukwa m'mutu mwake akumva liwulo. Pepala silimva. Mlembi ayenera kuphunzira kusankha "ndinkathandiza" pamene akunena zakale, ndi kuwerenga ntchito yake ngati mlendo amene sanamve mmene anaitchulira.

Apa ndi poyenera kuyankha amene amati zonsezi n'zosafunika, poti agogo amene ankatikambira nthano madzulo sankadziwa mperekezi koma ankatigwira mtima mpaka moto kuzima. N'zoona, ndipo sindikufuna kuchepetsa luso lawo. Koma agogowo anali ndi liwu, manja, nkhope, nyimbo, ndi ana oyankha "Tili tonse" amene akasokera ankaoneka pamaso. Mlembi walandidwa zonsezo. Ayenera kubwezeretsa ndi zilembo zokha chimene liwu ndi manja zinkachita, ndipo akalephera pamafunika mnzake kapena mkonzi womuuza pamene palakwika. "Ndimeyi sikukoma" sathandiza munthu. "Mgwirizanitsi waduka pa mzere wachinayi, ndipo msintho wam'chibisira wabisa amene anaba ng'ombe" ndi mawu amene munthu angapite nawo kunyumba n'kukonza.

Chotsalira chachikulu cha luso la agogo chimene pepala lingasunge ndi mvekero. Katswiri wa ziyankhulo Clement Doke ndiye anautanthauzira bwino mu 1935 polemba za ziyankhulo za Chibantu, chifukwa malamulo a Chingerezi analibe poukhazika. Ife tili nawo m'mabuku, koma umabwera kumapeto, pambuyo pa mfuwu, ngati kamwana kotsalira. Werengani chimangirizo cha wophunzira wamba muone kuchuluka kwa "kwambiri": anadabwa kwambiri, kunada kwambiri, anathawa mofulumira kwambiri. Paliponse pamenepo Chichewa chili ndi mawu akeake: anangoti kakasi, kunali bii, onse anangoti balala. Mvekero umalowa pambuyo pa -ti, kapena umatsatira mneni amene ukumulimbitsa, monga kuyera kuti mbee, kufiira kuti psuu. Umalakwika m'njira zitatu. Ena amauphatikiza ndi mneni wosayenera, chifukwa anaumva koma sanaugwire. Ena amaufotokozanso: "Anagwera m'madzi kuti chubwi ndipo panamveka phokoso la madzi", pomwe chubwi wanena kale zonse. Ena amauthira pa mzere uliwonse mpaka nkhani ya maliro imaseketsa. Mvekero umodzi pa ndime, woikidwa pamene zinthu zatembenuka, umagwira ntchito kuposa isanu.

Za zifanifani ndi ntchedzero ndikhala wolimba mawu. Funso loti "tsirizani zifanifani izi ndi ntchedzero zoyenera" lili ndi yankho limodzi: kuchenjera ngati kalulu, kuda ngati makala. Ku pulayimale n'zabwino, mwana adziwe chuma cha makolo. Koma akafika ku sekondale akuganizabe kuti chifanifani chabwino ndi chimene aliyense akuchidziwa, tamuononga. Chifanifani chimagwira ntchito pamene ntchedzero yake yatengedwa m'dziko la mpangankhaniyo. Msodzi wa ku Nkhotakota afanizire ndi ukonde, mwera ndi usipa. Mayi wogulitsa tomato pa Lizulu afanizire ndi dengu ndi mabasi odutsa. Funso la mayeso likanasintha n'kukhala loti wophunzira apeke ntchedzero yake ndi kufotokoza chifukwa chake ikuyenera munthu wakutiwakuti, kaphunzitsidwe kakanatsatira chaka chomwecho, poti aphunzitsi amaphunzitsa zimene zimafunsidwa.

Chining'a ndi mkuluwiko ophunzira amazisokoneza chifukwa matanthauzo oloweza amafanana: zonse ndi mawu obisa tanthauzo. Chiyeso chosavuta chilipo. Chining'a chimapindika motsatira munthu ndi nthawi: kutsina khutu kumakhala "ndamutsina khutu", "adzakutsinani khutu". Mkuluwiko ndi chiganizo chathunthu chimene sichisintha: "Mutu umodzi susenza denga", "Walira mvula walira matope". Chofunika koposa ndi malo ake. Pabwalo la milandu mkulu sayamba ndi mkuluwiko. Amayala nkhani, mboni zimayankhula, ndipo mkuluwiko umabwera kudzakhoma msomali pa mfundo imene anthu aiona kale. M'zimangirizo zambiri zinthu zili mwa mtundu wina: mwana amatsegula ndi mkuluwiko, amatseka ndi wina, pakati palibe umboni. Njira yoyesera ndi kuufufuta mkuluwikowo n'kuwerenganso ndimeyo. Ngati mfundo ikuimabe, ubwezereni ngati ukukometsa. Ngati ndime yagwa, ndiye kuti munalibe mfundo chiyambire, ndipo ntchito ndi kukafuna umboni.

Mayina a m'nthano zolembedwa sindikhalitsapo, chifukwa vuto lake ndi lomwelo. Wophunzira amadziwa kutchula mfotokozankhani wa buku la mayeso, koma m'nthano yake amayamba ndi "ine" n'kupezeka pa tsamba lachiwiri akutiuza zimene mdani wake ankaganiza ali yekha kuchipinda. Amadziwa pampondachimera, pachimake pa nkhani, koma nthano yake ya masamba anayi imathera atatu pa kudzuka, kusamba ndi kukwera minibasi, ndipo ndewu imene tonse tinkaidikira imapatsidwa mizere iwiri. Amayamba chiganizo chilichonse ndi "Atafika", "Atatha", "Atamva", osadziwa kuti n'ku- amathamangitsa nkhani: anatenga chikwanje n'kutuluka n'kulowera kudambo.

Zimene ndikupempha sizifuna mabuku atsopano kapena ndalama. Mu phunziro la mphindi 40, mphunzitsi alembe pa bolodi ndime imodzi ya mawu pafupifupi 100 yochokera m'chimangirizo cha wophunzira, dzina lake osalitchula. Ophunzira adule mzere kunsi kwa mneni aliyense, kenako akoke muvi kuchoka pa mgwirizanitsi kupita ku dzina limene akuliimira. Muvi umene wasowa kolowera, kapena umene ungalowere kuwiri, pamenepo ndiye pali ntchito. Ulendo wachiwiri azunguze -idw-, -edw-, -ik- ndi -ek- aliyense n'kufunsa kuti wachita ndani, nanga wolemba wamubisa dala kapena mwangozi. Ulendo wachitatu awerenge "kwambiri" alipo angati, asankhepo mmodzi woti alowedwe m'malo ndi mvekero. Pomaliza mmodzi awerenge ndimeyo mokweza, wina amene sanailembe, chifukwa pamene iye wapunthwa ndi pamene liwu la wolemba linkabisa vuto. Ngakhale kalasi ikhale yodzaza, ophunzira angachite zimenezi awiriawiri posinthana makope. Tanthauzo la mawu lizibwera pambuyo, mwana ataona kale chinthucho chikugwira ntchito.

Pali ntchito imodzi yokha imene mphunzitsi sangaithe payekha. Mabuku sagwirizana pa mayina ena, makamaka a zolembalemba: buku lina likuti mpangankhani, lina mtengambali, ndipo anzathu a ku Chipata ndi ku Tete, amene amaphunzira chiyankhulo chomwechi m'dzina la Chinyanja, ali ndi kalembedwe kawo. Centre for Language Studies, imene inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, pamodzi ndi Malawi Institute of Education ya ku Domasi ndi MANEB, akhoza kugwirizana kabuku kamodzi ka mayina amenewa, kopezeka ulere pa foni. Koma kasakhale mndandanda wina wa matanthauzo. Pansi pa dzina lililonse pakhale chiganizo chodwala, chifukwa chimene chadwalira, ndi chiganizo chochira. Pansi pa nkhodolero, mwachitsanzo, pasangolembedwa kuti ndi chizindikiro choonetsa kuti lembo lachotsedwa. Palembedwe "Mbale wanga wadwala", afotokoze kuti mbale ndi yodyera ndipo imatenga "yanga", pomwe m'bale ndi munthu ndipo m wake amatchulidwa payekha, kenako aonetsenso mbali inayo, ya amene amalemba "m'phika" ndi "m'tengo" poganiza kuti m aliyense woyamba mawu amafuna nkhodolero.